Mulu wa Zibonga ku Chipsera

Kuseri kwa mapiri amene ngakhale khwangwala amayamba wapuma kawiri asanawadutse, kudali dziko lotchedwa Chipsera. Dzinali silidali lachibadwire ayi. Akale ankalitchula dzina lina lokoma, koma nkhondo ya zaka zisanu ndi zinayi italitentha kuchokera kumadambo mpaka kumapiri, anthu adaiwala dzina lakalelo monga mmene wodwala nthawi yaitali amaiwalira kukoma kwa ndiwo zamchere. Nkhondoyo idali yapachiweniweni. Mfumu Njenjemera, mwini dziko, inkalimbirana mpando ndi msuweni wake Sindigonja, ndipo asilikali a dziko atagawikana, ena uku ena uko, midzi idatsala pambalambanda ngati anapiye amene make watengedwa ndi mphamba. Pamenepo ndi pamene adadzuka munthu wina wamphamvu, dzina lake Sakhuta, nasonkhanitsa amuna a m'midzi, nawapatsa zibonga, mikondo ndi mfuti zagogodera, nawalumbiritsa kuti adzateteza amayi ndi ana kufikira tsiku limene nkhondo idzathe.

Choonadi chisabisike: Azibonga, monga anthu adawatchulira, adatetezadi. Adalonda madooko ndi nkhokwe, adabweza ng'ombe zolandidwa, ndipo ambiri a iwo adagona m'tchire osadzukanso kuti ena aone lero. Masiku amenewo mayi akaona Wachibonga akudutsa ankamthamangira ndi chikho cha thobwa. Kenaka Sindigonja adafera kumapiri, omutsatira adagwada, ng'oma zamtendere zidalira dziko lonse. Koma tsiku lija adalumbirira lidafika n'kudutsa zibonga zili m'manja. Chaka choyamba Sakhuta adati adani akadabisala m'mapanga. Chachiwiri adati mtendere ndi khanda, salisiya lokha. Pofika chaka chachisanu sadavutikenso n'kupereka chifukwa. Anyamata ake, amene tsopano adali amuna a ndevu, adapingasa mitengo m'misewu yonse, ndipo munthu sankadutsa popanda chiphaso, kachikopa kodindidwa chala cha Sakhuta. Mbuzi yonenepa ankaitenga n'kunena kuti ndi chithokozo. Milandu ankaweruza okha patsinde pa mtengo, wolakwa n'kukhala amene alibe mbale pakati pawo, pamene oweruza enieni a dziko ankangoingitsa ntchentche m'mabwalo opanda anthu. Ngakhale pachipata cha Linga, mudzi wa mfumu, alonda adali Azibonga, ndipo palibe ankadziwa bwino ngati akutsekera adani kunja kapena akutsekera mwini wake m'kati. Wodandaula ankafunsidwa funso limodzi lokha, lakuti akadakhala kuti lero pakadapanda iwo, ndipo poti funsolo lidali ndi choonadi m'kati mwake, linkatseka pakamwa kuposa chibonga.

M'mudzi wa Pirirani mudali mzamba, dzina lake mayi Tatopa, munthu wamfupi, wouma thupi, woyenda ngati wasiya mwana pafupi ndi moto. Mwamuna wake adafera kunkhondo, namsiyira mwana mmodzi, Mverani, amene adalowa gulu la Sakhuta ndevu zisanamere ndipo adakhalabe komweko nkhondo itatha. Kwa zaka makumi atatu manja a Tatopa adalandira ana a chigawo chonsecho, kotero kuti pampiringidzo uliwonse pankapezeka mmodzi kapena awiri amene iye adawadula mchombo. Chifukwa cha ichi ankadutsa popanda chiphaso, akumuchotsera mtengo ndi ulemu wonse, ndipo mwina n'chifukwa chake adachedwa kuona chimene anzake ankaona. Paja nsikidzi za kwa mnzako sizikusowetsa tulo.

Lidali tsiku la dzuwa loswa mtengo pamene mayi wina wogulitsa nkhuni adafika kwa Tatopa ali wefuwefu, nanena kuti pamphambano ya ku Chidikha paima ngolo, m'ngolomo muli Nambewu, mkazi wa Nthawiyathu mlimi wa mzimbe, ndipo matenda ake a uchembere afika poipa. Nambewu adali atavutika masiku awiri, mwamuna wake n'kuganiza zothamangira naye kwa mzamba, koma m'chipwirikitimo adaiwala chiphaso kutsindwi. Azibonga adamuuza kuti lamulo lilibe mimba, abwerere akatenge kachikopako, ngolo itsale. Tatopa adathamanga mtunda wonsewo nsalu ili m'manja. Adapeza Nambewu atagonekedwa pamthunzi wochepa wa ngoloyo, milomo itauma, ng'ombe zikupumira m'mwamba pambali pake. Adagwira ntchito yake mmene ankaidziwira, amuna aja atatembenukira kumbali, koma nthawi idali itathera kale pamsewu. Pamene Nthawiyathu ankafika thukuta lili kamukamu, kachikopa kali m'dzanja, adapeza Tatopa akufunditsa mayi ndi mwana nsalu imodzi. Sadalire. Adangoyang'ana amuna a pampiringidzo mmodzimmodzi ngati akuloweza nkhope zawo, ndipo Tatopa potsatira maso akewo adaona kuti wachitatu pamzerepo, amene adaweramitsa mutu chibonga chili m'khwapa, adali Mverani.

Kuyambira tsiku limenelo mphasa idamkana Tatopa. Akati akhale pansi, miyendo inkamuyabwa. Akapita kumunda, ankangozindikira waimirira pakati pa mzere akuyang'ana kumsewu. Adayamba kuyenda ngakhale kumene sadaitanidwe. M'zikuta, mmene amuna salowa, ankati akamaliza kusambitsa khanda n'kufunsa amayi ali momwemo ngati akuwafunabe Azibonga. Poyamba ankangoyang'anana. Kenaka wina ankanena za mbuzi yake, wina za mwana wake wamkazi amene adatumidwa kukatunga madzi kumsasa wa Azibonga n'kubwerako osalankhula sabata yathunthu, wina za mlongo wake wothyoledwa nthiti pa mlandu wa malire a munda. Chimene chidamdabwitsa Tatopa n'chakuti aliyense ankaganiza kuti ali yekha. Si onse adavomera ayi. Anthu a kumalire, amene adaona midzi yawo ikuyaka kawiri, ankati galu woluma mwini ndi yemweyo amaopseza fisi, ndipo amalonda ena amene ngolo zawo zinkadutsa mosavuta chifukwa chodziwana ndi Sakhuta ankati mzambayu akudzutsa njoka yogona. Koma mawu adali atatuluka kale m'zikuta. Adafika pazitsime, pamaliro, pamisika ndi m'nyumba zamapemphero, ndipo mvula isanagwe, mafumu ang'onoang'ono, alimi, asodzi, ngakhale ena amene adaduka miyendo ali m'gulu la Sakhuta lomwelo, adagwirizana kuti mutu umodzi susenza denga, apite pamodzi ku Linga akaonane ndi mwini dziko. Wolankhula adasankha mzamba, poti ndiye yekha amene Azibonga sakadayerekeza kumgwira.

Mfumu Njenjemera idawalandira pabwalo lake itakhala pachikopa cha nyalugwe, itavala zaufumu zonse, litchowa lili m'manja. Kumanja kwake, pampando wotalika pang'ono kuposa mmene mwambo umalolera, kudakhala Sakhuta, wonenepa tsopano, zala zitadzaza mphete. Tatopa adagwada, naomba m'manja mwaulemu, nati:

"Inu mwini dziko, mthunzi wa amasiye, inu amene mukatsokomola mapiri amayankha, ife ana anu sitidabwere kudzanyoza amene adatiteteza. Magazi awo tikuwadziwa, ndipo amuna athu agona nawo m'manda amodzi. Koma mlonda amamuika kuti alonde munda, osati kuti asanduke mwini munda. Chithereni nkhondo takolola kasanu. Dziko lili ndi asilikali ake, lili ndi mabwalo ake a milandu, lili ndi mfumu yake. Tikupempha kuti zibonga zitulidwe, mitengo ichoke m'misewu, ana athu abwerere kwawo akaphunzire kugwira khasu, ndipo amene adapha munthu nthawi yamtendere akayankhe pabwalo monga munthu wina aliyense."

Mfumu isanayankhe idaponya diso kumanja. Tatopa adaliona disolo, ndipo adazindikira kuti wabwera kudzapala moto kwa munthu amene nayenso akuzizidwa. Mfumu idalankhula nthawi yaitali za kukoma kwa mtendere ndi kuopsa kwa phuma, idakumbutsa bwalo kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, kenaka idachita ngati yadziluma lilime, n'kupempha kuti kazembe Sakhuta aunikire anthu. Sakhuta sadakwiye. Adamwetulira, natchula Tatopa kuti mayi wa tonse, nati:

"Ine ndine kapolo wa anthu. Adandiitana ndi anthu, ndipo adzandichotsa ndi anthu. Koma amene ndikuwaona panowa ndi makumi angapo chabe, pamene Chipsera ndi dziko lalikulu. Ngati dziko latopa nafedi, libwere lokha lidzanene. Mwezi ukadzaoneka kachiwiri, aliyense wofuna kuti tichoke adzaime pachigwa cha Chidikha dzuwa lili pamutu, nkhope yake ikuoneka. Chigwa chikadzadzaza, ndidzatula chibonga changa ndi manja angawa. Koma amayi, kumbukirani kuti walira mvula walira matope."

Aliyense adamva chimene chidali kuseri kwa mawuwo. Njira zonse zopita ku Chidikha zinkadutsa pamipiringidzo, ndipo nkhope yooneka masana siiwalika. Masiku otsatirawo ena amene adalankhula molimba paulendo wa ku Linga adayamba kudwala mwadzidzidzi, ena adakumbukira kuti ali ndi abale ofunika kukawazonda kutali. Tatopa adayenda mpaka zidendene kung'ambika, koma paliponse ankamva zofanana, zoti mtima ukufuna koma msana ukuopa. Ndi pamene adabwera Nthawiyathu. Chimwalirireni mkazi wake adali asanadule mzimbe ndi umodzi womwe. Adaonda, maso adalowa m'kati, koma mawu ake adali odekha. Adati anthu sangayende okha ngati nkhosa zopanda mbusa, pafunika amuna owaperekeza, osanyamula chida chilichonse koma ndodo zansungwi zoyendera, oti azingoyenda m'mbali mwa amayi ndi okalamba kuti mantha achepe. Adati ali nawo kale amuna makumi asanu, aliyense wa iwo ali ndi wake amene akumulira. Tatopa adakayika. Adafunsa ngati ndodoyo siidzasanduka china m'njira, ndipo Nthawiyathu adayankha kuti munthu amene adaona zimene iye adaona pamphambano sangafunenso kuona mtengo utapingasa msewu moyo wake wonse. Poti Tatopa ndiye adali mboni ya chisoni cha munthuyu, adachita manyazi kumkayikira. Adavomera. Mbiri yoti kudzakhala operekeza itamveka, odwala aja adayamba kuchira.

Kutatsala masiku atatu, Tatopa adapita kumsasa kumene kunkakhala Mverani. Adampeza akusenda chinangwa kuseri kwa khola la mbuzi zolanda. Mverani adaulula kuti chichitikireni za ngolo zija sagona tulo, kuti iye adatambasula dzanja kuti achotse mtengo, koma wamkulu wawo adamuyang'ana, iye n'kulibweza. Adati ambiri mumsasamo atopa, koma ali pakati pa miyoto iwiri: kutsogolo kuli Sakhuta, kumbuyo kuli anthu amene adawalakwira.

"Amayi," adatero, "chibongachi ndidachinyamula ndisanadziwe ngakhale kufunsira mkazi. Ndikachitula ndidzakhala ndani, ndipo adzanditchinjiriza ndani?"

Tatopa adamgwira dzanja. "Udzakhala mwana wanga. Mlandu uli nawowo udzayankha pabwalo, masana, ine nditakhala pambali pako. Kunja kwa bwalo palibe adzakukhudze ine ndili moyo."

Tsikulo litafika, anthu adatuluka m'midzi poyamba awiriawiri, akucheuka, kenaka m'magulu, kenaka ngati linthumbu. Amayi adabereka ana, akhungu adatsogoleredwa, opunduka a kunkhondo adanyamulidwa pamachira, operekeza ali m'mbali ndi nsungwi zawo. Pampiringidzo woyamba Azibonga asanu ndi mmodzi adaona fumbi likubwera. Adafunsa chiphaso kwa munthu woyamba ndi wachiwiri, koma asanafike kwa wachikhumi mtengo udali utanyamulidwa kale ndi amayi n'kuponyedwa m'ngalande. Dzuwa lisanafike pamutu chigwa cha Chidikha chidadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo, ndipo a kumalire aja, amene ankakana poyamba, adafika pomalizira atatuwa ndi fumbi la masiku awiri. Sadaimbe, sadatukwane. Adangoima, nkhope zili poyera monga adafunira Sakhuta, ndipo bata la anthu ochuluka chotero lidali loopsa kuposa mfuu.

Sakhuta adafika ndi gulu lake lonse, naliimika m'mizere moyang'anizana ndi khamulo, amfuti ali patsogolo. Mfumu idakhala pakati, pansi pa ambulera, ikungopukuta thukuta. Kwa kanthawi palibe adadziwa chimene chichitike. Kenaka Tatopa adayenda yekha kudutsa mpata umene udali pakati, naima patsogolo pa mizere ija, nayamba kuitana amunawo, osati ndi maina awo a kunkhondo, koma ndi maina a paubwana, akutchula mayi wa aliyense ndi nyengo imene adabadwira: uyu chaka cha dzombe, uyo m'munda wa mapira mvula ikugwa, winayo adatsogoza miyendo n'kutsala pang'ono kupha make. Amayi ena m'khamumo adayamba kuitana awo. Woyamba kutuluka pamzere adali Mverani. Adayenda ngati munthu wowoloka mtsinje wodzaza, naika chibonga chake pansi pamaso pa mfumu. Adatsatira wachiwiri, wachitatu, kenaka mizere idasungunuka ngati mchere m'madzi. Sakhuta atacheuka n'kuona kuti kumbuyo kwake kwatsala fumbi lokha, adatula chake monga adalonjezera, ngakhale zala zidachedwa kufumbatuka. Mfumu Njenjemera, kwa nthawi yoyamba chilowereni ufumu, idalankhula osayang'ana kumbali. Idati gulu la Azibonga latha, misewu yatseguka, milandu ipite kumabwalo. Nthungululu zidamveka mpaka kumapiri.

Zida zidaunjikidwa pakati pa chigwa, mulu wotalika kuposa nkhokwe ziwiri. Tatopa adafuna kuti zitenthedwe pomwepo anthu akuona, koma nduna za ku Linga zidati chinthu chachikulu chotere sachichita mothamanga ngati kuwotcha zinyalala. Pafunika tsiku lake, mowa ufulidwe, mafumu a maiko oyandikana aitanidwe adzachitire umboni. Nthawiyathu adadzipereka kuti iye ndi operekeza ake alonda muluwo kufikira tsikulo, kuopa kuti eni ake akale angabwerere kudzatola. Anthu adaomba m'manja. Tatopa adatsegula pakamwa kuti atsutse, koma nthawi yomweyo wina adamkoka nsalu, pakuti mayi wina woyembekezera amene adayenda mtunda wautali adali atayamba kubuula kuseri kwa chulu. Adathamangira komweko, ndipo mwana amene adabadwa tsikulo adamutcha Zatha.

Miyezi yotsatirayo idali yokoma, ndipo tisainyoze. Ngolo zinkayenda kuchokera kumadambo mpaka kumalire osaima, mbuzi zidayamba kukalamba m'makola a eni ake, atsikana ankapita kuchitsime okha n'kubwerako akuseka. Mverani adabwerera ku Pirirani, khasu lidamtulutsa matuza m'manja, dzina lake lidaperekedwa kubwalo la milandu pamodzi ndi la anzake a pamphambano, ndipo ankadikira tsiku lake osathawa. Sakhuta adapatsidwa munda kutali, kumene akuti ankakhalira kukalipira nkhuku. Dzina la Tatopa lidalowa m'nyimbo. M'madera amene sadapondemo ankaimba kuti ndi wamtali ngati mgwalangwa, kuti mfuti zikamuona zimatulutsa madzi, ndipo operekeza aja, amene tsopano ankalandira anthu atsopano ochokera kutsidya kwa mtsinje waukulu, adayamba kudzitchula Ana a Tatopa. Mwini dzina sadazisamale zimenezi. Chaka chamtendere chimabala ana ambiri, ndipo iye ankakhala kuno lero, mawa uko.

Komabe mtima wake sudakhale m'malo. Tsiku lotentha zida lidasunthidwa chifukwa cha mvula, kenaka chifukwa cha maliro a mlamu wa mfumu, kenaka chifukwa mapira a mowa adali asanache. Wina wochokera ku Chidikha adamuuza kuti mulu uja ukuoneka ngati ukuphwa, ena nati mwina ndi chiswe. Adamvanso kuti alonda a muluwo amanga mpanda, ndipo midzi yozungulira ikuwapititsira ufa ndi nkhuku, poti munthu sangalonde ndi njala. Kawiri konse adatumiza mawu kwa Nthawiyathu kuti abwere adzakambirane, ndipo kawiri konse yankho lidali laulemu kwambiri, lakuti amayi apume, ana awo akugwira ntchito. Adaganiza zopita yekha, koma nthawi iliyonse akamanga mpango pankakhala wina pakhomo wodzamtenga kuchikuta, ndipo ankadziuza kuti apita sabata yamawa.

Tsiku lina atabwerera kuchokera kumudzi wakutali, adapeza khasu la Mverani lili pakati pa bwalo, chitseko chili chotsegula, anansi akumuzemba maso. Pomaliza mkazi wina adamuuza kuti dzulo lake kudabwera amuna asanu ndi atatu, adatenga Mverani ndi ena awiri amene adali pamphambano tsiku la ngolo, atawamanga manja kumbuyo, nanena kuti mabwalo a mfumu akuchedwa, milandu yotere aziweruza okha ku Chidikha. Tatopa adafunsa ngati amunawo adanyamula nsungwi. Mkaziyo adayang'ana pansi, nati sizidali nsungwi.

Sadalowe n'komwe m'nyumba. Adatembenuka ndi fumbi la ulendo woyamba lomwelo, akukonza m'mutu mawu amene akamuuze Nthawiyathu, akuwasintha, akuwanola, nthawi zina akulankhula yekha mokweza mpaka anthu a m'njira kumpatukira. Atafika ku Chidikha sadachizindikire chigwacho. Padali mpanda wa mitengo yosongoka, nyumba zofolera udzu watsopano zili m'mizere, utsi wa nyama yowotcha ukukwera, ndipo posuzumira pampata adaona kuti pamene padali mulu paja pamera bonongwe. M'katimo munkamveka amuna ambiri akuimba nyimbo ya dzina lake, mapazi akugunda pansi pamodzi. Pachipata padaima amuna anayi achilendo, a kutsidya kwa mtsinje, atamanga nsalu zoyera kumutu, zibonga zili paphewa.

Wamkulu wawo adamuyang'ana kuyambira kumapazi ong'ambika mpaka kumpango wothimbirira, namfunsa mwaulemu wozizira chimene akufuna. Tatopa adati akufuna kuonana ndi Nthawiyathu, ndipo akufuna mwana wake. Munthuyo adayankha kuti kazembe saonana ndi aliyense wongotulukira m'njira, ndipo omangidwawo ndi adani a mtendere, amene abale awo angachite bwino kuwaiwala.

"Kamuuzeni kuti wabwera Tatopa," adatero mayiyo mwaukali. "Ine ndine Tatopa, mzamba wa ku Pirirani. Dzina mukuimbalo ndi langa, ndipo ndabwera kudzakuuzani kuti ntchito yanu idatha kalekale. Masulani anthuwo apite kubwalo, inu mutule zibongazo."

Amuna aja adayang'anana. Mmodzi adayamba kuseka, koma wamkulu uja adamletsa ndi dzanja, nkhope yake itachita mdima ngati ya munthu amene amtukwanira make.

"Mayi inu, imvi si chilolezo. Amayi athu tikuwadziwa. Ndi aatali ngati mgwalangwa, ndipo ndiwo adatipatsa zibongazi kuti dziko lisadzagwenso m'manja mwa anthu oipa. Kudzitcha dzina lawo ndi mlandu kale, koma kuwanamizira kuti angalamule ana awo kutula zida, kumeneko ndi kuukira mtendere."

Adatembenukira anzake aja, nalamula mosakweza mawu, monga munthu wozolowera ntchito yake:

"M'dzina la mayi Tatopa, mmangeni."